Majumbo opyapyala: lamulo lilipo, chikusowa ndi kugwirana manja

Mbuzi yodya majumbo siifa tsiku limodzi. Imayamba kuwonda pang'onopang'ono ngakhale msipu uli wobiriwira, ubweya n'kunyankhalala, mimba yokha n'kumatupa. Mwini wake amayesa ndi njoka zam'mimba, amagula mankhwala, koma chiweto osasintha. Zoona zake zimadziwika tsiku loipha. Mpeni ukang'amba chifu, m'malo mwa udzu mumatuluka chimpukutu cha majumbo opotanapotana, omwe mbuziyo inkameza ponyambita mchere ndi mafuta otsalira m'timapepala ta chipisi ndi kanyenya. Kwa ogulitsa nyama ya mbuzi m'misika ya m'mbali mwa msewu, zimenezi si zachilendo. Kafukufuku wina wa ku Mponela, m'boma la Dowa, anapeza kuti ziweto 40 mwa 100 zilizonse zophedwa kumeneko zinali ndi pulasitiki m'mimba.

Kwa banja la kumudzi, mbuzi ndiyo banki. Ndiyo imalipira fizi ya mwana wa kusekondale, ndiyo imagula thumba la feteleza, ndiyo imaphedwa pakhomo pakagwa zovuta. Nkhani ya mapulasitiki opyapyala imayambira m'mafakitale a m'tauni, koma imakathera m'khola la mlimi.

Dziko la Malawi linaliona vutoli, ndipo mu 2015 linakhazikitsa lamulo loletsa mapulasitiki amenewa. Komabe kwa zaka khumi zotsatira lamulolo linkangogona ndi kudzuka m'makhothi, uku majumbo akuchulukirachulukira m'misika, m'ngalande ndi m'mitsinje. Zaka khumi zimenezi zatiphunzitsa kuti lamulo la zachilengedwe limayenda pokhapokha boma, eni mafakitale ndi anthu wamba kudzera m'mabungwe awo atagawana ntchito, aliyense n'kudziwa gawo lake ndi ndalama zomwe alowetsepo. Akamangokumana kukhothi, wopambana amapezeka ndithu, koma ngalande sizitseguka.

Lamulo lomwe linakulira m'khothi

Lamulo la 2015 ndi losavuta kumva. Limaletsa kupanga, kuitanitsa kunja, kugulitsa ndi kugawa mapulasitiki omwe kukhuthala kwake sikufika ma micron 60. Micron ndi muyeso waung'ono zedi: ma micron 1,000 ndiwo amakwana milimita imodzi, ndipo 60 ndi pafupifupi kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu. Chifukwa choikira malire pamenepa n'chomveka. Jumbo yokhuthala munthu amaisunga, kuitsuka n'kuigwiritsanso ntchito kangapo, ndipo ikatha otola zinyalala amatha kuigulitsa kwa osungunula. Yopyapyala imang'ambika usanafike n'kunyumba komwe, ilibe woigula, imauluka ndi kamphepo kalikonse, ndipo siwola.

Boma linali litachenjeza makampani zaka zingapo m'mbuyomo kuti akonzeke. Koma lamulo litangoyamba kugwira ntchito, makampani 14 opanga mapulasitiki anakamang'ala kukhothi, ndipo mu 2016 anapatsidwa chiletso choimitsa lamulolo. Mu Juni 2018 Bwalo Lalikulu linagamula mokomera boma, koma makampaniwo anachita apilo n'kupezanso chiletso china. Pa 31 Julayi 2019 bwalo la Supreme, lomwe ndi lomaliza m'dziko muno, linakana apiloyo. Anthu ambiri anayesa kuti nkhani yatha.

Chigamulo chimenecho sichinangobwera chokha. Mabungwe omwe si aboma, monga CEPA ndi Lilongwe Wildlife Trust, pamodzi ndi atolankhani olemba za chilengedwe, anaitulutsa nkhaniyi m'mafayilo n'kupita nayo pawailesi, m'nyuzi ndi pamsewu. Anayenda maulendo a ndawala, anasonkhanitsa masaini, anakakamira kuti mlandu umvedwe. Lipoti lomwe Lilongwe Wildlife Trust inatulutsa mu 2019 mothandizana ndi UNDP linati dziko lino limapanga matani pafupifupi 75,000 a pulasitiki pachaka, ndipo 80 mwa 100 ndi wogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Mmodzi mwa omwe anatsogolera ntchito yomenyera lamuloli, Gloria Majiga-Kamoto, anayamba kukhudzidwa ndi nkhaniyi ataona mbuzi za alimi omwe ankagwira nawo ntchito zikufa ndi majumbo. Mu 2021 analandira mphoto ya Goldman, imodzi mwa mphoto zolemekezeka kwambiri padziko lonse kwa omenyera chilengedwe.

Mu 2020 boma linatseka mafakitale atatu omwe anapezeka akupangabe majumbo oletsedwa. Koma mu 2021 kampani ya Golden Plastics inatenga chiletso chatsopano, manja a boma n'kumangikanso kwa zaka zitatu. Mlandu umenewo utachoka m'khothi pakati pa 2024, bungwe la MEPA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, linalengeza kuti liyamba kulanda katundu ndi kulanga. Sipanapite milungu yambiri makampani ena 11 anali atatenganso chiletso, chomwe khothi linadzachichotsa kumayambiriro kwa 2025. Mwana wobadwa chaka chomwe lamuloli linalembedwa anali ali kale ku Sitandade 4 pomwe njira yolitsatira inkatsegukanso.

Aliyense ndi mfundo yake

Kupita kukhothi ndi ufulu wa aliyense, ngakhale kampani, ndipo si zonse zomwe makampani ankanena zinali zopanda mutu. Iwo ankati analowetsa ndalama zambiri m'makina, komanso kuti anthu pafupifupi 5,000 adzachotsedwa ntchito. M'dziko lomwe ntchito zolembedwa ndi zosowa, ndalama zakunja zogulira zipangizo n'kukhalanso zovuta kupeza, mawu amenewa sangangonyozedwa. Palinso nkhawa yoona yakuti fakitale ya ku Blantyre ikatsekedwa, malire a dziko n'kukhala osalondedwa bwino, jumbo yomweyo idzalowa mozemba kuchokera kwina. Ntchito n'kutha kuno, zinyalala n'kutsala momwemo.

Koma tisaiwale kuti lamuloli silinaletse pulasitiki yense. Fakitale ikhoza kupitiriza kupanga majumbo, bola akhale okhuthala. Chimasintha kwambiri ndi kuchuluka kwa zipangizo zolowa m'jumbo imodzi. Jumbo ya ma micron 60 imadya zipangizo kuwirikiza katatu poyerekeza ndi ya ma micron 20 ya msinkhu womwewo, ndiye mtengo umakwera, ogula amachepa, munthu amayamba kuisunga. Cholinga cha lamulo n'chomwecho, ndipo phindu la opanga limakhudzidwa pomwepo. Zaka zonse zomwe ziletso zinawapatsa, makampani akanatha kuzigwiritsa ntchito pokonza njira zatsopano zopezera phindu. M'malo mwake majumbo opyapyala anapitiriza kutuluka, ndipo bilu yotsuka ngalande ndi kukwirira ziweto inagwera anthu ena.

Boma nalo lili ndi gawo lake pa kuchedwaku. Lamulo lokhazikitsa MEPA linadutsa mu 2017, koma panatenga zaka kuti bungweli liyambe kugwira ntchito mokwanira. Oyendera mafakitale ndi ochepa. Ntchito yoletsa jumbo imodzi imafuna maofesi angapo nthawi imodzi: otolera msonkho a MRA pachipata cha dziko, a Malawi Bureau of Standards poyeza kukhuthala, apolisi pomanga, khonsolo pamsika, maloya a boma kukhothi. Mmodzi mwa amenewa akagwa mphwayi, khama la ena onse limapita pachabe. Ndiponso boma linanena momveka chomwe likuletsa, koma silinanene momveka chimodzimodzi chomwe anthu azinyamuliramo zinthu, ndi amene athandize kuti chipezeke motsika mtengo.

Mabungwe omwe si aboma ndiwo anaisunga nkhaniyi kuti isafe, ndipo pamenepo ayenera kuyamikiridwa. Koma nawo ali ndi polekezera. Alibe mphamvu yomanga munthu kapena kutseka fakitale. Ntchito zawo zambiri zimadalira thandizo lakunja la zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo thandizo likatha, komiti yomwe inakhazikitsidwa pamsika imabalalika. Misonkhano yambiri imachitikira m'mahotela, m'Chingelezi, kutali ndi anthu omwe amagwira jumbo m'manja tsiku ndi tsiku.

Omwe sanaitanidwe pabwalo

Taimani pa benchi ya mayi wogulitsa zinthu pamsika wa Ndirande, wa Mchesi kapena wa Zigwagwa ku Mzuzu, muone momwe malonda amayendera. Kasitomala wake sagula za mwezi. Amagula za lero. Mafuta ophikira ndi a masupuni angapo, othiridwa m'kapepala n'kumanga mfundo. Shuga ndi wa tiyi wa m'mawa umodzi. Ufa ndi wa m'kajumbo, uja anaupatsa dzina loti walkman. Mchere, bonya, tomato atatu, makala ophikira nsima imodzi, chilichonse ndi kapepala kake. Pafupi pomwepo mnyamata wa pachiwaya akuthira chipisi chotentha m'kajumbo, ana akuyamwa mafilizesi, ndipo madzulo majumbo ena omwewo amakakhala choyatsira mbaula, utsi wake n'kumapumidwa ndi banja lonse.

Mayiyu amagula mpukutu wa majumbo motchipa n'kumapereka kajumbo ulere. Akanena kuti lero alibe, kasitomala amangosunthira pa benchi ina. Akati agule okhuthala, mtengo wa jumbo ukhoza kudya phindu lonse la kamulu ka tomato. Iyeyu sanakhalepo m'khothi tsiku ndi limodzi lomwe, sanafunsidwe pomwe lamulo linkalembedwa, koma ndiye woyamba kukumana ndi olanda katundu. Kulanda majumbo kwa iye fakitale ikupangabe ndi kuvutitsa wosauka, ndipo kumangobala chidani pakati pa anthu ndi lamulo lomwe linabwera kudzawateteza.

Winanso yemwe mawu ake sanamveke mokwanira ndi khonsolo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapereka ntchito yochotsa zinyalala kwa makhonsolo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,000 mumzinda wa Blantyre, ndipo chiwerengerochi chakula kuchokera nthawi imeneyo. Magalimoto otola zinyalala ndi owerengeka, ndipo zomwe atola amakangozikhuthula kumtaya wa ku Area 38 kapena wa ku Mzedi. M'makwalala ambiri a m'madera odzaza anthu galimoto ya khonsolo siifikako n'komwe. Kumeneko dzala likadzaza zinyalala zimawotchedwa kapena kuponyedwa m'ngalande, mvula n'kuzikokolera ku Mudi, ku Nasolo, ku Lingadzi ndi kumtsinje wa Lilongwe. Mavenda amalipira tikiti ya msika tsiku lililonse, ndiye akamaona mulu wa zinyalala ukukula pakhomo la msika womwewo amafunsa komwe ndalama yawo ikupita. Funso limeneli n'loyenera kuyankhidwa.

Zotsatira zake timaziona mvula ikangoyamba. Majumbo amatseka mipaipi ya pansi pa misewu, madzi n'kusefukira m'nyumba ndi m'maokala. Madzi odikha amaswetsa udzudzu. M'mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 dziko lino linataya anthu opitirira 1,700. Gwero la kolera ndi madzi oipa ndi kusowa kwa zimbudzi zabwino, koma ngalande yotseka imathandiza kufalitsa uve, ndipo ofufuza a University of Stirling ya ku Scotland, omwe akhala akugwira ntchito ndi anzawo a kuno kwathu, asonyeza kuti tizilombo toyambitsa kolera timatha kukhala ndi moyo pa pulasitiki wotayidwa kwa masiku ambiri.

Mu Novembala 2020 Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anakhazikitsa tsiku losesa m'dziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Ganizoli linali labwino, ndipo poyamba mipingo, masukulu, asilikali ndi makampani anatuluka ndi matsache. Koma anthu akasesa, mulu n'kukhala pomwepo sabata yathunthu popanda galimoto youchotsa, kwinaku majumbo atsopano akutulukabe m'fakitale, mtima wosesa umazilala. Dera ndi dera, changu chija chinayamba kuchepa.

Anzathu anayenda bwanji

Amalawi omwe anakhalako ku Johannesburg kapena ku Cape Town amadziwa kuti kumeneko jumbo ya m'sitolo imalipiridwa pa kauntala. Chiyambi chake n'chofanana ndi chathu. Nduna ya zachilengedwe ya nthawi imeneyo ku South Africa, Valli Moosa, inkafuna malire a ma micron 80. Eni mafakitale ndi mabungwe a anthu apantchito anadandaula kuti ntchito zitha. Mbali zonse zinakhala pansi, ndipo mu 2002 boma, amalonda ndi mabungwe a apantchito anasainirana pangano: malire akhale ma micron 30, wogula azilipira jumbo, ndipo pakhale msonkho wothandizira kutola ndi kusungunula. Malamulo anayamba kugwira ntchito mu Meyi 2003, patangopita miyezi yochepa.

Panganolo linapulumutsa nthawi, koma silinathetse zonse. Poyamba anthu anachepetsa kwambiri kutenga majumbo, kenako anazolowera mtengo n'kuyambiranso. Ndalama za msonkho zinkalowa m'thumba lalikulu la boma, zochepa zokha n'kufika ku ntchito yomwe zinatolerredwa, ndipo kampani ya Buyisa-e-Bag yomwe inakhazikitsidwa kuti iyendetse ntchitoyo inadzatsekedwa mu 2011. Komwe zinthu zinayenda bwino ndi ku mabotolo apulasitiki a zakumwa. Mu 2004 makampani opanga ndi kugwiritsa ntchito mabotolowa anakhazikitsa bungwe la PETCO, n'kumasonkha ndalama molingana ndi pulasitiki yemwe aliyense watulutsa, zothandizira ogula ndi osungunula mabotolo akale. Pofika chakumapeto kwa zaka za m'ma 2010, mabotolo opitirira theka ankabwerera kukasungunulidwa, ndipo anthu zikwizikwi otola mabotolo ankapezapo chakudya. Kuyambira 2021 lamulo la dzikolo limakakamiza wopanga aliyense kutenga nawo udindo wotere. Phunziro lake n'lakuti pangano limapindula pamene ndalama zake zili ndi njira yodziwika, ndipo ziwerengero zake zikulengezedwa poyera.

Rwanda inaletsa majumbo mu 2008 ndipo inalimbitsa dzanja pachipata cha dziko ndi m'masitolo momwe, kuphatikiza pa ntchito ya umuganda, yomwe anthu onse amagwira limodzi Loweruka lomaliza la mwezi. Ku Kenya nako eni mafakitale anathamangira kukhothi, koma khothi linakana kuimitsa lamulo, ndipo chiletso cha majumbo chinayamba pa 28 Ogasiti 2017. Patapita zaka ziwiri, bungwe lomwelo la eni mafakitale a ku Kenya linatulutsa ndondomeko yake ya momwe makampani angatolere pulasitiki yemwe agulitsa. Makampani anayamba kukambirana moona mtima atazindikira kuti lamulo silibwerera m'mbuyo.

Nzeru ilipo kwathu konkuno

Sitikusowa kupita kutali kuti tione njira yomwe imagwira. Botolo lagalasi la Fanta kapena la mowa simungalipeze litatayidwa m'ngalande. Wa pagolosale amayamba wafunsa ngati mwabweretsa botolo, ndipo ngati mulibe mumasiya ndalama ya chikole. Botololo limabwerera m'kireti, kireti n'kukwera lole, lole n'kubwerera kufakitale. Palibe wapolisi amalondera zimenezi. Kampani inaika mtengo pa botolo lopanda kanthu chifukwa ikulifuna, ndipo mwana aliyense m'dziko muno amadziwa kuti botolo ndi ndalama. Chimodzimodzi mabotolo apulasitiki a madzi omwe amayi a thobwa amagula, ndi zitsulo zakutha zomwe ogula amazisaka khomo ndi khomo. Chinthu chikakhala ndi wochigula sichigona pansi. Jumbo imagona pansi chifukwa woipanga akaigulitsa amathana nayo.

Chitsanzo china chili panyanja. Pachilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, usodzi wakhala ukuyendetsedwa ndi malamulo a ufumu wa Makanjira kuyambira zaka za m'ma 1950. Nyengo ya mvula chilumba chimatsekedwa kuti nsomba ziswane, asodzi onse n'kuchokapo, ndipo chimatsegulidwa ndi mwambo mvula ikatha. Mowa ndi njuga n'zoletsedwa, zida zosayenera zimalandidwa, ndipo olondera ndi komiti ya asodzi eni ake, mothandizana ndi nthambi ya boma yoona za nsomba. Pomwe madera ambiri a nyanja akulira kuti nsomba zatha, utaka wa ku Mbenji ukadali wotchuka. Lamulo la usodzi la 1997 linatsegula khomo loti anthu a m'mphepete mwa nyanja azitenga nawo mbali kudzera m'makomiti a m'madoko, monganso lamulo la nkhalango la chaka chomwecho linachitira ndi makomiti a m'midzi osamalira zachilengedwe. Asodzi a ku Mbenji amamvera chifukwa lamulo ndi lawo, amadziwa wolilondera, ndipo phindu lake amaliona mu ukonde. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Ku Mbenji mawuwa amaoneka ndi maso.

Ntchito igawidwe, ilembedwe

Kugwirana manja sikutanthauza kuti lamulo libwererenso pa zokambirana. Malire a ma micron 60 anayesedwa m'makhothi mpaka kubwalo lomaliza, ndipo aima. Chokambirana tsopano ndi momwe lamulolo lifikire pamsika popanda kupha malonda a wosauka, ndi amene alipire ntchito yotola pulasitiki wokhuthala yemwe adzapitirire kugulitsidwa.

Bwalo lokambirana lilipo kale. Khonsolo iliyonse ili ndi komiti yoona za chilengedwe, ndipo pansi pake pali makomiti a chitukuko a m'madera ndi m'midzi. Pabwalo limeneli pakhale a MEPA, eni mafakitale ndi masitolo akuluakulu, komanso komiti ya msika, mafumu ndi mabuloko lida, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndi anthu omwe amatola zinyalala kumtaya, poti iwowa ndiwo amadziwa pulasitiki yemwe ali ndi msika ndi yemwe alibe. Zomwe agwirizana zilembedwe: wakuti achita chakuti, pofika tsiku lakuti, ndi ndalama zochokera kwakuti. Pakatha miyezi ingapo zotsatira ziwerengedwe pagulu, m'chilankhulo chomwe anthu a deralo amamva.

Boma liyambire kugwero. Mafakitale opanga majumbo ndi owerengeka ndipo malo awo ndi odziwika. Zipata za dziko monga Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe n'zodziwikanso. N'kwapafupi kulondera malo amenewa kusiyana ndi kuthamangitsa mavenda zikwizikwi. Mayina a makampani olakwa ndi chindapusa chomwe alipira zizilengezedwa, kuti kampani yomvera lamulo isamaluze malonda kwa inzake yozemba. Boma lichepetsenso msonkho pa makina ndi zipangizo zopangira zonyamulira zina ndi zosungunulira pulasitiki, ndipo milandu ya zachilengedwe isamagone zaka m'makhothi.

Makampani avomere mfundo yomwe ili kale m'malamulo athu, yakuti woipitsa ndiye alipire. Opanga majumbo, mabotolo ndi zokutira katundu asonkhe ndalama molingana ndi zomwe atulutsa, ndalamazo zikhale m'thumba lapadera loyang'aniridwa ndi mbali zonse, ndipo zizigula pulasitiki wakale pa kilogalamu m'malo odziwika pafupi ndi misika. Jumbo iliyonse izikhala ndi dzina la woipanga ndi kukhuthala kwake, kuti yopezeka pamsika izidziwika kwawo. Ntchito 5,000 zomwe makampani ankadandaula nazo zingatetezedwe bwino pokulitsa ntchito yotola, kusankhula ndi kusungunula kusiyana ndi kukakamira jumbo yomwe nthawi yake yatha.

Makhonsolo apatule gawo lodziwika la ndalama za tikiti ya msika kuti lizigwira ntchito ya ukhondo pamsika womwewo, ndipo chiwerengerocho chizimatidwa pakhomo la msika. Zinyalala zambiri za m'misika yathu ndi zowola: makoko, masamba, zotsalira za ndiwo. Zikapatulidwa pomwepo zimasanduka manyowa omwe alimi akuwafuna feteleza atakwera mtengo chonchi, ndipo galimoto ya khonsolo imatsala ndi katundu wochepa wopita naye kumtaya. Magulu a amayi ndi achinyamata omwe ayamba kale kupanga manyowa ndi kutola zinyalala khomo ndi khomo apatsidwe malo ndi chilolezo, m'malo moonedwa ngati olanda ntchito ya khonsolo.

Mabungwe omwe si aboma apitirize kukhala maso a anthu: kuyeza majumbo a pamsika, kufunsa malipoti, ndi kubwerera kukhothi pakafunika, poti lamulo la 2017 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala m'malo aukhondo komanso wokadandaula kukhothi ufuluwo ukaphwanyidwa. Koma atsikirenso pansi. Oluka madengu a nsungwi ndi zikwama za mlaza alipo m'maboma ambiri, matelala osoka zikwama za nsalu ali pakhonde lililonse la sitolo. Chomwe akusowa ndi mpamba ndi msika wodalirika. Kuwalumikiza ndi masitolo ndi makomiti a misika kungachite zambiri kuposa msonkhano wina wa m'hotela.

Mafumu ndi mabuloko lida nawo ali ndi mphamvu yomwe ofesi iliyonse ilibe. Mfumu ikanena pamaliro kapena pamsonkhano wa mudzi kuti pakhomo lililonse pakhale dzala, ndipo wotaya zinyalala mumtsinje alipira nkhuku, mawuwo amamveka msanga kuposa chikalata chochokera ku Capital Hill.

Gawo lomaliza ndi lathu ogula. Makolo athu ankapita kumsika ndi dengu, botolo la mafuta ndi kambale kovundikira, ndipo palibe chinkatayika panjira. Mukanyamula chikwama chanu, mayi wa pabenchi sakakamizika kusunga majumbo oletsedwa poopa kukutayani. Mukapita pachiwaya ndi kontena yanu, mwapulumutsa m'mimba mwanu ndi m'ngalande momwe.

Makhothi anamaliza gawo lawo. Ngati majumbo opyapyala adzakhale akadali m'misika yathu zaka khumi zikubwerazi, sitidzanamiziranso chiletso cha khothi. Mlandu udzakhala wa boma lomwe silinalondere, makampani omwe sanalipire, makhonsolo omwe sanatole, ndi ife omwe tinapitiriza kutambasula dzanja. Funsani khansala wa dera lanu tsiku lomwe komiti ya zachilengedwe ikumane, ndipo muonetsetse kuti a pamsika wanu ali ndi mpando pamsonkhanowo.